Mbasela ya pa kompyuta: tumashortcut utu tuchokela kuti, ndipo tuchoka bwanji?

Aliyense amene anakwelapo basi ya ku Chipata adziwa zimene zichitika pa Nyimba. Basi ikaima chabe, nthochi zafika kale pa windo. Mugula mulu umodzi, amai aja aikilapo ziwili pamwamba, ati mbasela. Mbasela ya mtundu uyu palibe amene akana. Mudya, makoko mutaya, ulendo upitiliza.

Koma kuli mbasela ina imene ivutitsa anthu maningi masiku ano. Iyi siipezeka pa msika, ipezeka pa kompyuta. Mufuna pulogalamu imodzi chabe, mwina yoonelela mafilimu olo yosinthila kalata kukhala PDF. Mwaitenga pa intaneti, mwadina Next, Next, Next, Finish. Mukabwelela pa Desktop mupeza tuzithunzi tunai tusanu tumene simunaitane. Kena kakuti kazayeletsa kompyuta yanu, kena ni ka masewela, kena ni ka browser kamene dzina lake simunalimvepo chibadwile.

Muphwa wanga wa ku Petauke ndiye ananiphunzitsa kuti nkhani iyi si yosekela. Atatsiliza koleji, ninamugulila laputopu ya second hand kuti azilembela makalata osakila nchito. Patapita myezi iwili, foni yalila m'mawa-mawa.

“Amalume, kompyuta yachita misala. Nichotsa tuzithunzi, mailo tubwelanso. Bundle nayo siikhala. Manje mu flash mwanga mulibe chilichonse, CV na masatifiketi vonse vapita.”

Tsiku lotsekela kulandila makalata linali mawa lake. Mnyamata wa pa shopu yopulintila anali atamuuza kale kuti mankhwala ake ni kuchita format. Mwayi wake, anayamba watumila ine foni. Mafayelo onse analimo, palibe olo imodzi imene inasowa. Chimene chinasowa ni kudziwa kuti shortcut ni chani.

Shortcut ni chikwangwani chabe

Ganizilani chikwangwani cha pa turn-off ya Petauke, pa Great East Road, chija chionetsa njila yoloŵela ku boma. Mukachizula usiku, tauni ya Petauke siisamuka. Msika ulipo, chipatala chilipo, anthu alipo. Mwachotsa chabe cholozela.

Shortcut nayo ni chimodzimodzi. Ni kafayelo kang'ono kwambili, ka ma kilobyte ochepa, kamene nchito yake ni kuloza kumene pulogalamu yeniyeni ikhala. Muzakadziwa na kamuvi kopindika kali pansi, kumanzele kwa chithunzi. Dzina lake lenileni lithela na .lnk, ngakhale Windows imabisa mbali imeneyi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mukachotsa shortcut, pulogalamu itsala mkati, iyaka yokha mukayatsa kompyuta, idya bundle, ilemetsa makina. Ndipo mukachotsa pulogalamu, nthawi zina shortcut itsala pa Desktop ngati chikwangwani cha golosale imene inatsekedwa kale-kale. Ndiye musanathamangile Delete, yambani mwafunsa kuti chikwangwani ichi chiloza kuti.

Kufunsa kwake n'kosavuta. Ikani mouse pa chithunzi, dinani batani ya kumanja, imene anthu akuti right-click, musankhe Properties. Pa mzele wolembedwa Target muzaona adilesi ya kumene shortcut ipita. Mzele umenewo ndiwo uzakuuzani mtundu wa vuto lanu, chifukwa mitundu ilipo itatu, ndipo uliwonse uli na mankhwala ake.

Chifukwa chani amatipatsa vinthu vimene sitinapemphe?

Yankho ni ndalama. Munthu amene agawa pulogalamu ya mahala naye afuna kudya. Makampani ena amamulipila pa kompyuta iliyonse imene pulogalamu yao yaloŵamo kudzela mwa iye. Ndiye amaimangilila kumbuyo kwa yake, kabokosi kovomeleza kali kochonga kale, podziwa kuti ambili a ife sitiŵelenga. Walila mvula walila matope.

Musaganize kuti izi zichitika kwa ife a ku Eastern chabe, olo kuti ochita ni tumakampani twa m'makona. Kwa zaka zambili, pulogalamu yodziwika ya Java inali kubwela na Ask Toolbar, imene inali kusintha posakila pa browser ya munthu. Mu March 2015, anthu oseŵenzetsa uTorrent anadandaula kuti apeza pulogalamu yotchedwa Epic Scale m'makompyuta ao, imene inali kuseŵenzetsa mphamvu ya makina kukumba ndalama za crypto. Chaka chimenecho chomwe kunamveka nkhani ya Lenovo: malaputopu ena atsopano anali kuchoka ku fakitale ali kale na pulogalamu ya kampani ya Superfish, yoloŵetsa malonda pa masamba a intaneti, imene inatsegulanso mpata wakuti akuba aone zinsinsi za mwini laputopu. Mu 2017 Lenovo inavomela kulipila madola 3.5 miliyoni ku maboma a zigawo 32 za ku America pa mlandu umenewu.

Kwathu kuno njila zake zilipo zitatu zodziwika. Yoyamba ni laputopu ya second hand: wogulitsa afakamo chilichonse chimene ali nacho pa flash yake kuti makina aoneke odzala. Yachiwili ni mawebusaiti a download amene ali na mabatani anai obiliwila, onse olembedwa Download, koma leni-leni n'limodzi chabe. Yachitatu ni mapulogalamu obedwa, aja akuti crack. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele.

Mtundu woyamba: chikwangwani cha mlendo wosaitanidwa

Aka ndiko kashortcut kamene kabwela na mbasela. Mukaona Target, iloza ku foda ya pulogalamu imene simuidziwa. Lamulo ni ili: yambani mwathamangitsa mlendo, chikwangwani chizabwela pambuyo.

Dinani batani ya Windows pamodzi na R. Pazatuluka kabokosi. Lembani appwiz.cpl, mudine Enter. Muzaona mndandanda wa mapulogalamu onse ali m'kompyuta. Pamwamba pali mau akuti Installed On. Dinani pamenepo kuti mapulogalamu akhale motsatila masiku amene analoŵela. Apa ndiye mbava igwidwa. Ngati munafaka pulogalamu imodzi Lachitatu, koma pa deti imeneyo paoneka zinai, zitatu zinazo ni mbasela. Sankhani imodzi-imodzi, mudine Uninstall.

Ŵelengani bwino-bwino zimene ikufunsani pochoka. Ena mwa mapulogalamu aŵa ni ochenjela ngati kondakitala wokana kubweza chenji: batani yaikulu ni yakuti mukhale nayo, yochotsela ni kang'ono kobisika pansi.

Chenjezo: si dzina lililonse lachilendo limene ni mdani. Mukaona Microsoft Visual C++ Redistributable, olo maina monga Intel, Realtek, AMD na NVIDIA, asiyeni. Awo ndiwo ayendetsa sound, chithunzi na Wi-Fi. Safunsa anadya phula: dzina limene simulidziwa, lisakileni pa Google pa foni musanalichotse.

Mukatsiliza, zimitsani kompyuta, muiyatsenso. Manje mungasese zotsala. Shortcut ya pa Desktop, isankheni, mudine Delete. Ikakana, nikukupemphani chilolezo cha administrator, ndiye kuti ikhala mu foda ya onse oseŵenzetsa kompyuta, C:\Users\Public\Desktop, vomelezani, izachoka. Ya pa kamzele ka pansi pa skrini, chitani right-click, musankhe Unpin from taskbar. Ya mu Start menu, chitani right-click, mupeze Open file location, muichotsele mu foda imene yatseguka. Mukadina shortcut Windows nikukuuzani kuti chinthu chimene iloza chinasamutsidwa olo kulibe, imeneyo ni yakufa kale, ichotseni mosaopa.

Nanga tukabwelanso mailo?

Apa ndiye muphwa wanga anathela nzelu. Tushortcut tukamabwelela, ndiye kuti pali chinthu mkati chimene chiuka pamodzi na kompyuta nikutubwezela. Malo osakila ni atatu.

Oyamba: dinani Ctrl, Shift na Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Startup. Awa ni mapulogalamu amene ayamba okha m'mawa uliwonse musanawaitane. Wosadziwika, chitani right-click, musankhe Disable. Apa simunachotse chilichonse, mwangomuletsa kuuka yekha, ndiye mukalakwitsa mungabweze na Enable.

Achiwili: Windows na R, lembani shell:startup. Shortcut iliyonse ili mu foda iyi iyatsa pulogalamu yake kompyuta ikayaka. Yachilendo, ichotseni.

Achitatu: Windows na R, lembani taskschd.msc. Muno ndimo musungidwa nchito zimene kompyuta inauzidwa kuchita pa nthawi zoikika. Mukaona nchito ili na dzina la pulogalamu ija mwachotsa kale, ichiteni Disable. Zina zonse zisiyeni, makamaka za Microsoft. Ngati mtima ukaika, apa ndiye pofunika kuitana wodziwa.

Mtundu wachiwili: chikwangwani chanu, koma anachipotoza

Uyu ni mtundu wochenjela. Chithunzi cha Chrome, Edge olo Firefox chili pamalo pake, palibe chasintha. Koma mukachidina, m'malo mwa Google patseguka tsamba la malonda, la kubetcha, olo la zithunzi zimene simungafune kuti apongozi aone ali kumbuyo kwanu. Musintha homepage mu Settings, mailo libwela.

Yang'anani Target. Ya Chrome yabwino ithela pa chrome.exe na chizindikilo chotsekela mau. Mukaona kuti kutsogolo kwake kwaonjezedwa adilesi ya webusaiti, yoyamba na http, ndiye wina anapotoza chikwangwani chanu. Fufutani adilesi yoonjezedwayo, musiye zina mmene zilili, mudine OK. Njila yachidule ni kuchotsa shortcut yonse, kuchita Unpin ya pa taskbar, nikupanga yatsopano kuchokela mu Start menu, mutaona kuti nayo Target yake ili bwino.

Mukachoka apo loŵani mu browser, mupite pa Extensions, muchotse chilichonse chimene simunafake mwekha. Ndipo ngati pakona ya skrini patuluka mauthenga akuti kompyuta yanu ili na mavairasi, dinani apa mwamsanga, musadine. Nthawi zambili ameneyo si antivirus, ni webusaiti imene munaidinila Allow tsiku lina. Mu Chrome pitani pa Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, muitseke pakamwa.

Mtundu wachitatu: shortcut ya mu flash

Uyu ndiye uliza anthu, ndipo si mbasela ya malonda, ni vairasi yeniyeni. Makompyuta kwathu ni ochepa, manja ni ambili. Amene anali mu Grade 9 mu 2015 akumbuka mayeso oyamba a Computer Studies, pamene m'masukulu ambili makina anachepa, ana ena nikulemba mpaka usiku. Mpaka lelo flash imodzi iyenda ku sukulu, ku ofesi, ku shopu yopulintila, kwa wofaka nyimbo na mafilimu, kwa wojambula pa ukwati. Kulikonse kumene igona, itola za kumeneko.

Vairasi iyi ikaloŵa mu flash, siidya mafayelo anu. Iwabisa chabe, nikuika mashortcut a maina amodzimodzi pamalo pao, olo shortcut imodzi ya dzina la flash. Mukadina kuti muone CV yanu, mwayatsa vairasi, yaloŵa mu kompyuta. Nthawi zina foda itseguka ndithu, imwe muganiza zonse zili bwino. Kuyambila apo, flash iliyonse imene izalumikizidwa pa makina amenewo izatenga matenda.

Musaione mopepuka njila imeneyi. Mu 2010 dziko linadziwa za Stuxnet, vairasi imene inaononga makina a nyukiliya ku Iran. Imodzi mwa njila zake zoyendela inali flash na mafayelo a.lnk. Chiboo chimene inaseŵenzetsa Microsoft inachitseka, koma adzukulu ake akali kuyenda, ndipo masiku ano adalila chala chanu kuti chidine.

Ndiye mukaona mafoda anu onse ali na tumivi, malamulo ni awili. Musadine. Musachite format. Madzi akatayika saoleka.

Chitani izi pa kompyuta imene mudziwa kuti ni yoyela. Fakani flash, mutsegule This PC, muone chilembo chimene yapatsidwa. Tikambe kuti ni E. Muichite right-click, muisikane na antivirus. Kenako dinani Start, lembani cmd, mutsegule Command Prompt. Pa skrini yakuda imeneyo lembani mzele uyu mmene ulili, mipata yonse ili m'malo mwake:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Dinani Enter, muyembekeze. Ngati flash yanu ni F olo G, sinthani chilembo, ndipo muonetsetse kuti simunalembe C, chifukwa C ni kompyuta yeniyeniyo. Mzele uyu uuza Windows kuti ivundukule vonse vobisidwa mu flash. Mukatsegulanso, mafoda anu enieni azaoneka, opanda kamuvi. Nthawi zina akhala mkati mwa foda yopanda dzina; itseguleni, muzawapeza.

Kopelani mafayelo anu ku kompyuta. Musatenge mashortcut, musatenge fayelo ya autorun.inf, olo tumafayelo twachilendo tothela na .vbs, .js olo .exe tumene simunafakemo. Mukaona kuti zanu zonse zatseguka bwino, apo manje mungachite format flash ija na mtima umodzi.

Koma kumbukilani kumene matenda anachokela. Mukabweza flash pa kompyuta yodwala, mphindi imodzi siikwana, tumivi tabwela. Kompyuta imeneyo ifunika Full scan mu Windows Security. Vairasi ikalimba mutu, pamalo pamenepo pali Microsoft Defender Offline scan, imene izimitsa makina nikusakila Windows isanauke. Onetsetsani kuti batile ili na moto wokwana. Na mmene malaiti amapitila, simufuna kuti izime pakati pa nchito. Ndipo ngati makina anali na vairasi, sinthani password ya email na Facebook kuchokela pa foni.

Kutseka chitseko

Kuchotsa kutenga ola, kupewa kutenga mphindi ziwili. Pofaka pulogalamu, lekani kudina Next ngati muimba ng'oma. Pakakhala posankha, tengani Custom olo Advanced, osati Express olo Recommended, chifukwa mbasela imabisala mmenemo. Tubokosi tochonga kale, chotsani kuchonga. Mukaona Accept na Decline pa dzina la pulogalamu ina imene simunapemphe, Decline siiletsa yanu kuloŵa.

Tengani pulogalamu ku webusaiti ya eni ake olo mu Microsoft Store. Mu Windows Security, pitani pa App & browser control, mutsegule Reputation-based protection settings, muone kuti Potentially unwanted app blocking ni yoyaka. Imeneyo inapangidwila mbasela yomweyi. Kuli na kapulogalamu ka mahala ka kampani ya Malwarebytes kotchedwa AdwCleaner, kamene nchito yake ni kusesa zamalonda zotele. Katengeni kwa eni ake, osati pa flash ya mnzanu. Ndipo musafake antivirus iwili itatu pamodzi. Atambala awili m'khola limodzi, nchito ni kumenyana, makina nikulema.

Muzidziwanso msinkhu wa Windows yanu. Microsoft inaleka kusamalila Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo chisamalilo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Malaputopu ambili a second hand akali pa mitundu imeneyi. Aseŵenza ndithu, koma ziboo zatsopano zikapezeka nthawi zambili palibe wobwela kudzamata, ndiye kusamala kwanu kufunika kuŵilikiza. Pogula, funsani wogulitsa kuti muli Windows iti, ndipo mupempheni atsegule appwiz.cpl pamaso panu, achotse vimene simufuna musanapeleke ndalama.

Kwa imwe a mashopu opulintila ku Petauke na ku Nyimba, nkhani iyi ni ya malonda anu. Kasitomala amene CV yake yasanduka tumivi pa makina anu sabwelanso, ndipo azauza anzake khumi. Sikanani flash iliyonse isanatseguke. Ndipo chonde, mau akuti format azikhala otsiliza, osati oyamba. Pa flash ya munthu pali satifiketi, mabuku a ka bizinesi, zithunzi za malilo a mai ake zimene sizizajambulidwanso.

Muphwa wanga tinatha naye nchito yonse pa foni, ine nikuŵelenga chilembo chimodzi-chimodzi, iye nikulemba pa laputopu ya mnzake. Atadina Enter kunakhala zii kwa kanthawi, kenako ninamva kukuwa kuti vabwela. Kalata anapeleka tsiku lisanathe. Laputopu yake tinaisesa kumapeto kwa sabata. Mu mndandanda wa Installed On tinapeza alendo onse ali pa deti imodzi, tsiku limene anasakila pulogalamu ya PDF.

Masiku ano CV na masatifiketi ake zikhala malo atatu: mu laputopu, mu email yake, na mu foni. Akafuna kupulinta, atumiza PDF pa WhatsApp olo pa email ku shopu, flash itsala kunyumba. Mbasela akali kuikonda, koma ya pa Nyimba chabe, ija amaiona na maso asanailandile.